Menyani kamodzi, musiyire mnzanu: kuphunzira bilyari anthu awiri

Mukaima pafupi ndi tebulo la bilyari, imene ena amati pool, yang'anani maso a anthu. Ambiri amatsatira mpira umene ukupita ku bowo. Ukalowa, amakuwa. Koma munthu wodziwa masewerawa maso ake amakhala pena. Iye amayang'ana mpira woyera, kuti waima pati. Mpira umene walowa wapita basi. Woyera ndi umene umenyedwenso.

Mwina inunso mumasewera. Mumagwetsa mipira iwiri kapena itatu, kenako woyera wakabisala kuseri kwa mipira ina, mwayi n'kupita kwa amene mukupikisana naye. Mumati ndi tsoka. Nthawi zambiri si tsoka ayi. Simunaganize za pamene woyera ukaime.

Pali njira yophunzirira zimenezi. Imafuna anthu awiri, tebulo limodzi, pepala ndi colembera. Inu mumenya kamodzi, mnzanu amenya kamodzi, inu mumenyanso. Simukupikisana. Muli mbali imodzi. Tiyeni tione m'mene zimayendera.

Masewera ake ndi otani?

Kumene ambiri timasewera, anthu amagawana mipira. Wina amatenga ya mtundu uwu, wina ya mtundu winawo, ndipo wakuda ndi womaliza. Masewera amene tikukamba pano ndi ena. Dzina lake pa Cingelezi ndi straight pool. Ena amangoti 14.1.

Malamulo ake akuluakulu ndi awa:

1. Patebulo pamakhala mipira 15 ndi woyera.
2. Palibe mpira wanu, palibe wa mnzanu. Mungathe kumenya uliwonse, ngakhale wakuda.
3. Musanamenye, mumanena mpira umene mukufuna kugwetsa ndi bowo limene ulowe. Ngati mipira ilibe manambala, lozani ndi ndodo.
4. Mpira uliwonse umene walowa monga munanenera ndi pointi 1. Ukalowa bowo lina mwangozi, suwerengedwa. Umabwezeredwa patebulo, ndipo mwayi wanu watha.
5. Mukagwetsa mipira 14, mumaima. Umodzi wotsalawo mumausiya pamene uli. Woyeranso simuusuntha. Mipira 14 ija mumaisanjanso m'cikombole ca makona atatu, malo a kutsogolo n'kuwasiya opanda mpira.
6. Tsopano mumagwetsa wotsala uja, koma mwanjira yakuti woyera ukagunde mulu watsopanowo ndi kuumwaza. Mukatero, mumapitiriza.

Mwaona kumene dzina la 14.1 lacokera? Mipira 14 yosanjidwanso, ndi umodzi wotsala.

Pa mpikisano, anthu amagwirizana kuti afike mapointi 100, 125 kapena 150. Faulo, monga kugwetsa woyera m'bowo, imacotsa pointi 1. Mukacita faulo katatu motsatizana, amakucotserani mapointi ena 15. Conco munthu angathe kukhala ndi ngongole ya mapointi masewera asanapite patali.

Anacokera kuti?

Masewerawa ndi a ku America. Anayambitsa ndi katswiri wina dzina lake Jerome Keogh m'caka ca 1910. Kale anthu ankagwetsa mipira yonse 15, n'kusanja yonse, n'kuyambanso. Keogh anaona kuti kusiya mpira umodzi kumapatsa wosewera njira yopitirizira osaima. Kwa zaka zambiri, akatswiri a ku America ankapikisana pa masewera amenewa pofuna kudziwa amene ali pamwamba pa onse. Ralph Greenleaf ndiye ankaopedwa m'zaka za m'ma 1920. Pambuyo pake kunabwera Willie Mosconi.

M'caka ca 1954, mumzinda wa Springfield ku Ohio, Mosconi anagwetsa mipira 526 motsatizana, osaphonya ngakhale kamodzi. Tawerengani: mulu uliwonse ndi mipira 14, ndiye kuti anadutsa milu yoposa 37. Nambala imeneyi inakhala pamwamba zaka 65. M'caka ca 2019, John Schmidt anagwetsa mipira 626 ku Monterey, ku California, ndipo zinamutengera maola oposa anayi. Filimu ya The Hustler ya mu 1961, mmene munali Paul Newman ndi Jackie Gleason, imaonetsa masewera omwewa, ndipo Mosconi ndiye ankalangiza opanga filimuyo.

Munthu sangagwetse mipira mazana ndi mphamvu kapena mwayi. Akatswiri amenewa ankadzisiyira mipira yosavuta nthawi ndi nthawi. Luso lawo linali pa woyera.

Kusinthana pomenya nakonso si kwacilendo. Pa Cingelezi amati Scotch doubles. Pa mpikisano wa Mosconi Cup, umene unayamba mu 1994 pakati pa America ndi Europe, osewera awiriawiri amamenya mosinthana. Pa World Cup of Pool, imene inayamba mu 2006, dziko lililonse limatumiza anthu awiri, ndipo nawonso amasinthana. Kumeneko amasewera masewera a mipira 9, koma njira yosinthanayo ndi yomweyi.

Mmene mungasinthanirane

Pezani mnzanu mmodzi amene akufunadi kuphunzira. Gwirizanani amene ayambe. Iye amenye kamodzi. Mpira ukalowa, acoke patebulo, inu mubwere. Mukagwetsa wanu, mucoke, iye abwere. Palibe amene amenye kawiri motsatizana, ngakhale mpira wotsatira ukhale wosavuta bwanji.

Mapointi ndi a nonse awiri. Mukuwerenga mipira imene mwagwetsa pamodzi musanaphonye. Wina akaphonya kapena kucita faulo, lembani nambala imene mwafika, ndipo yambaninso pa 0. Amene ayambe ulendo wotsatira ndi amene sanayambe ulendo wathawu. Mdani wanu ndi nambala ya dzulo.

Tsiku loyamba musayambe ndi mulu wothinana. Mwazani mipira 6 patebulo, italikirane, pasakhale wogunda khoma la mphira la m'mbali. Ikani woyera pamene mukufuna. Yesani kumaliza yonse 6 mosinthana. Mukakwanitsa katatu, onjezani ifike 10, kenako 15. Mukazolowera, m'pamene muyambe kusanja mipira 14 ndi kusiya umodzi pambali.

N'cifukwa ciyani kusinthana kumaphunzitsa?

Mukamasewera nokha, mumadzikhululukira msanga. Woyera ukaima poipa, mumangoti, "Aa, ndiyesabe." Mwina mpira ulowa mwamwayi, ndipo mwaiwala kuti munalakwitsa. Mawa mudzalakwitsanso cimodzimodzi.

Mukamasinthana, zimenezi sizitheka. Pamene mwasiya woyera m'pamene mnzanu ayambire. Mukamusiyira poipa, amene avutike ndi iye, inu mukuona. Conco musanamenye mumayamba kudzifunsa mafunso awiri m'malo mwa limodzi. Loyamba: mpira uwu ulowa bwanji? Laciwiri: mnzangayu ndimusiyira ciyani?

Pali phindu lina. Inu mumalandira woyera pamalo amene simunasankhe nokha. Mnzanu amaona tebulo mosiyana ndi inu. Mwina iye amakonda mabowo a pakati, inu mumawaopa. Mwina iye ndi wamanzere, ndipo pamene inu mumafika bwino iye safikapo. Mumaphunzira njira zimene panokha simukanaziganizira.

Cacitatu ndi ici: mumenya kamodzi n'kukhala pambali. Dzanja silitentha monga mukamamenya motsatizana. Ulendo uliwonse muyenera kuima bwino, kupaka coko kunsonga ya ndodo, kuyang'ana, n'kumenya modekha. Pa mpikisano zimakhalanso conco. Munthu amakhala pampando nthawi yaitali, kenako amadzuka kuti amenye mpira umodzi wofunika kwambiri.

Malo atatu omenya woyera

Kuti musiyire mnzanu pabwino, muyenera kudziwa kumene woyera umapita ukagunda mpira wina. Yambani ndi malo atatu okha.

Pakati, kapena pansi pang'ono pa pakati. Mukamenya motere ndi mphamvu yokwanira, woyera umatsetsereka pansalu osagubuduzika. Ngati woyera, mpira ndi bowo zili pa mzere umodzi, woyera umaima pomwepo pamene wagunda. Kumenya kumeneku ndiko kofunika kuposa kwina konse, cifukwa mumadziwiratu pamene woyera ukhale. Ngati mwagunda mpirawo cam'mbali, woyera umapatuka n'kupanga ngodya yonga ya njerwa ndi njira imene mpira winawo watenga.

Pamwamba. Woyera umagubuduzika, ndipo ukagunda mpira umapitirira kutsogolo, kuutsatira.

Pansi. Woyera umazungulira cam'mbuyo, ndipo ukagunda mpira umabwerera kwa inu. Apa ndodo ikhale yogona, osati yoimirira, ndipo coko cikhalepo cokwanira. Mukapanda kusamala mudzakwapula nsalu, mwini tebulo n'kukwiya nanu.

Kumenya woyera kumanja kapena kumanzere kulipo, koma kusiyeni kaye. Kumapotoza njira ya woyera ndipo ophunzira ambiri amaphonya nako.

Cinthu cina cacikulu ndi mphamvu. Anthu ambiri amamenya ngati akuswa nkhuni. Pa masewera awa, mipira yambiri imafuna kumenya kofewa. Woyera ukayenda mtunda waufupi, m'posavuta kudziwa pamene uime. Ukazungulira tebulo lonse, mwasiya zonse m'manja mwa mwayi.

Mphatso yabwino kwa mnzanu

Kodi kumusiyira mnzanu pabwino n'kutani? Ambiri amaganiza kuti ndi kumusiyira mpira woongoka ndi bowo. Si nthawi zonse. Mpira woongoka umalowa mosavuta, koma woyera umangotha kuima, kupita kutsogolo kapena kubwerera. Sungapatuke. Ngati mpira wotsatira uli kumbali, mnzanu alibe njira yokufikitsirani kumeneko.

Mphatso yabwino ndi mpira wapafupi, wopendekeka pang'ono, ndipo wopendekekera mbali imene woyera uyenera kupita. Ndiye kuti poganiza muyenera kuona mipira itatu: wanu, wa mnzanu, ndi wanu wotsatira. Mukumusiyira iye pabwino kuti iyenso athe kukusiyirani inu pabwino.

Pewani zinthu zitatu. Musasiye woyera utagunda khoma, cifukwa pamenepo mnzanu angamenye pamwamba pokha. Musausiye utatsamira mpira wina, cifukwa ndodo isowa podutsa. Musausiyenso pakati penipeni pa tebulo lalikulu pamene mnzanu ayenera kudzikoka mpaka phazi kucoka pansi. Lamulo limati phazi limodzi likhale pansi pomenya.

Muyambe ndi mpira uti?

Popeza mpira uliwonse ndi wololedwa, nzeru ili pa kusankha. Musanamenye woyamba, zungulirani tebulo nonse awiri. Funani zinthu izi.

Mipira yotseka njira. Mpira umene uli pafupi ndi bowo, kutsekera inzake, ucoke msanga. Ukacoka, ina iwiri kapena itatu yapeza polowera.

Mipira yovuta. Mpira umene uli wokha kutali, kapena wogona kukhoma, musausiye mpaka kumapeto. Ucotseni pamene patebulo padakali mipira yambiri yokuthandizani kufika kumeneko.

Mipira yothinana. Iwiri kapena itatu ikagundana popanda bowo lolowera, iyenera kumwazidwa. Citani zimenezi msanga, ndipo mofewa. Musanaimwaze, onetsetsani kuti pali mpira wina wosavuta pafupi ndi bowo, umene mnzanu angagwetse ngakhale woyera utaima poipa. Mpira umenewu uli ngati cimanga ca m'nkhokwe. Musaudye msanga cabe cifukwa ndi wosavuta.

Mipira imene ili bwino kale. Imeneyi musaigunde popanda cifukwa. Mpira umene uli ndi bowo lake ukasunthidwa, kawirikawiri umakaima poipa.

Mipira itatu yomaliza

Apa m'pamene pagona masewera onse. Kumbukirani kuti mpira wa nambala 15 sugwetsedwa mpaka mulu watsopano utasanjidwa. Conco muyenera kuusankha kale, mipira idakali yambiri. Tiuche woswera mulu.

Woswera mulu wabwino amakhala pambali pa malo osanjira mipira, kunja pang'ono kwa cikombole, ndipo ali ndi njira yopita ku bowo la pakona. Kuti mudziwe ngati mpira uli kunja, ikani cikombole pamwamba pake mosagunda kanthu. Pa mipikisano amajambuliratu mzere wa cikombole pansalu. Inu musajambule musanapemphe mwini tebulo. Mpira wotsala ukapezeka mkati mwa malo osanjira, lamulo limati usamutsidwire pa kadontho ka mbali ina ya tebulo, kumene mumayambira, ndipo kucokera kumeneko kuswa mulu n'kovuta.

Mukasankha woswera mulu, funani mpira wa kiyi. Umenewu ndi wa nambala 14. Ukhale pamalo akuti mukaugwetsa n'kuimitsa woyera pomwepo, woyera ukhala pabwino poswera mulu. Kenako funani wacitatu, wokufikitsani pa kiyi. Mukuganiza cobwerera m'mbuyo: woswera, kiyi, wofikitsa pa kiyi. Itatu imeneyi musaikhudze mpaka nthawi yake.

Mukamasinthana, werenganinso kuti adzamenye uti ndani. Mwacitsanzo, patsala mipira 5 ndipo ndi nthawi yanu. Inu mumenya woyamba, mnzanu waciwiri, inu wacitatu, mnzanu kiyi, inu woswera mulu. Kudziwiratu kumathandiza. Ngati woswera mulu adzakhale wamanzere, sankhani mpira wa mbali imene iye amafika bwino.

Kuswa mulu

Pa mpira woswera, woyera usakhale woongoka. Ukakhala woongoka, mpira ulowa koma mulu ukhala osakhudzidwa, ndipo mnzanu apeza mipira 14 yothinana popanda comenya. Woyera ukhale wopendekeka kotero kuti ukagunda mpirawo upatukire mu mulu.

Cofunika coyamba ndi kugwetsa mpira. Anthu ambiri amayang'ana mulu, n'kuphonya mpira umene ananena. Mukaphonya, mulu wamwazika koma nambala yanu yathera pomwepo. Pa mpikisano ndiye kuti mwaphikira mdani wanu nsima. Conco maso akhale pa mpira. Menyani molimba pang'ono kuposa nthawi zonse, koma osati ndi mphamvu zanu zonse. Simufunika kumwaza mipira yonse 14. Ikatuluka inayi kapena isanu, yotsalayo mudzaimwaza pang'onopang'ono.

Samalaninso kuti woyera usakakamire mu mulu, ndiponso usagwere m'bowo la pakona. Yesererani mpira umenewu paokha. Sanjani mipira 14, ikani woswera pambali, ikani woyera ndi dzanja. Wina aswe, winayo amenye wotsatira. Citani kasanu aliyense, ndipo muone kuti woyera ukupita kuti mukamenya pamwamba, pakati kapena pansi.

Kulankhulana

Kusewera awiri kungamange ubwenzi, kungathenso kuupasula. Zimadalira pakamwa. Gwirizanani malamulo a kulankhula musanayambe.

Masabata oyamba, lankhulani musanamenye. Amene akumenya anene maganizo ake: "Ndigwetsa uwu pakona apo, woyera ndiusiya apa, inu mumenye uwo." Aloze ndi cala pamalo pamene akufuna kuti woyera uime. Winayo angathe kuyankha: "Acimwene, bwanji mundisiyire cakuno, kuti ndithe kukubwezerani ku wakudawo?" Mukagwirizana, khalani cete. Munthu akawerama kuti amenye, musamulankhulenso. Mawu a pa nthawi imeneyo amangosokoneza dzanja.

Mukazolowerana, yesani kusewera mulu wonse osalankhula. Apa mudzaona ngati mukuwerenga tebulo mofanana. Mnzanu akakusiyirani woyera pamalo ena, dzifunseni kuti amafuna mumenye uti. Mulu ukatha, kambiranani.

Nanga wina akaphonya? Musathamangire kumuloza cala. Bwererani m'mbuyo mipira iwiri kapena itatu. Kawirikawiri amene waphonya analandira mpira wovuta, ndipo amene anamusiyira nayenso analandira woyera poipa. Funso labwino ndi lakuti, "Tinayamba kusokonekera pati?" Bwezerani mipira pamene inali, ndipo yesaninso njira ina. Mawu akuti "mwandipha" kapena "simutha inu" saphunzitsa munthu kanthu. Amangomupatsa mantha, ndipo dzanja la mantha limaphonya. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ulendo wotsatira wophonya mudzakhala inu.

Ngati wina amatha kuposa mnzake

Musaganize kuti muyenera kukhala ofanana. Pa mpikisano, wodziwa ndi wophunzira sakondwa kusewera pamodzi. Wina amagwetsa yonse, winayo amangoima ndi ndodo. Koma posinthana, aliyense amamenya theka la mipira.

Wodziwayo ali ndi nchito yaikulu. Ayenera kusiya woyera pafupi kwambiri, pamalo osavuta, kuti wophunzira asaphonye. Kenako ayenera kulandira ciliconse cimene wophunzira wamusiyira, n'kukonzanso zinthu. Zimenezi zimanola luso lake kuposa kusewera yekha. Wophunzira naye amaona ndi maso mmene tebulo limawerengedwera, ndipo amalawa kugwetsa mipira 10 kapena 14 motsatizana, zimene payekha zikanamutengera miyezi.

Mungathe kuthandiza wophunzira ndi lamulo limodzi lapadera. Mwacitsanzo, pa mulu uliwonse aloledwe kamodzi kusuntha woyera ndi dzanja mtunda wa cikhatho cimodzi. Akayamba kutha, lamulolo licotsedwe. Bambo ndi mwana wake wamkulu, mayi ndi mng'ono wake, mwamuna ndi mkazi wake, onse angathe kusewera motere popanda wina kucita manyazi.

Lembani manambala

Musadalire mutu. Mutu umakumbukira tsiku labwino lokha. Tengani kabuku. Lembani tsiku, ndipo pansi pake lembani nambala ya ulendo uliwonse. Mwacitsanzo: 4, 7, 3, 11, 5. Kuwerenga n'kosavuta. Yang'anani mipira yotsala patebulo, muicotse pa 15. Ngati patsala 6, mwagwetsa 9. Ngati munamaliza mulu woyamba n'kugwetsa ina 9 pa waciwiri, ndiye 14 kuphatikiza 9, zonse 23.

Pambali pa nambala iliyonse lembani liwu limodzi lonena cimene cakuimitsani: "kuphonya", "kubisala", "mphamvu", "woswera", "faulo". Pakatha milungu iwiri, werengani mawuwo. Limene labwera kambiri ndilo vuto lanu lenileni, ndipo muyambe ndi limenelo tsiku lotsatira.

Musakhumudwe ndi manambala ang'onoang'ono. Kumaliza mulu umodzi n'kulowa waciwiri ndi cinthu cacikulu kwa anthu ophunzira. Tsiku limene mudzafike 15, dziwani kuti mwacita zonse zimene masewerawa amafuna: kusankha, kusiya woyera pabwino, ndi kuswa mulu.

Tebulo la ndalama

Matebulo ambiri a m'mabala ndi m'misika amameza mipira. Ikalowa, situluka mpaka mutaikanso ndalama. Kodi masewerawa angatheke pamenepo? Inde. Mukagwetsa 14, lipirani ulendo wina. Mipira 14 ituluka, muisanje, wotsala uja akadali pamalo pake. Cimene simungathe ndi kubweza mpira umene walowa molakwika. Zikatero, ingousiyani, koma musauwerenge.

Kuti ndalama isapite pacabe, mukaphonya musasiye mipira yotsala. Lembani nambala, yambaninso kuwerenga pa 0, ndipo pitirizani ndi mipira yomweyo. Gawanani mtengo pakati. Gwirizananinso musanacoke kunyumba kuti lero mulipira maulendo angati, ndipo akakwana muime. Ngati mumadziwana ndi mwini tebulo, mufunseni ngati angakutsegulireni tebulo kwa ola limodzi pa mtengo umodzi, nthawi imene kulibe anthu ambiri, monga m'mawa.

Pa masewera ophunzira musaikepo ndalama ya njuga. Ndalama ikalowapo, mnzanu akaphonya simuonanso phunziro, mumaona cimene mwataya. Mowanso udikire. Diso ndi dzanja zimafuna mutu wabwino.

Ola limodzi, muligawe motere

Mphindi 10 zoyamba: mpira umodzi woongoka ndi bowo. Mosinthana, yesani kuimitsa woyera, kenako kuutsatiritsa, kenako kuubweza.

Mphindi 15 zotsatira: mipira itatu yokha. Ikani woswera mulu, kiyi ndi wofikitsa pa kiyi. Ikani cikombole copanda mipira pamalo pake kuti muone pamene mulu udzakhale. Gwetsani iwiri, ndipo muone ngati woyera waima poti n'kuswera.

Mphindi 30: masewera enieni, mosinthana, mukulemba manambala.

Mphindi 5 zomaliza: khalani pansi, yang'anani kabuku, ndipo musankhe cinthu cimodzi cokha coti mudzakonze ulendo wotsatira.

Citani zimenezi kawiri pa mlungu kwa mwezi umodzi, ndi mnzanu yemweyo. Kenako bwererani ku masewera amene munazolowera, a mpira wakuda kumapeto. Mudzaona kuti musanawerame mwayamba kale kufunsa kuti woyera ukaima pati. Pamenepo wolandira woyerayo mudzakhala inu nomwe, ndipo mudzadzisiyira pabwino monga mmene munkasiyira mnzanu.